Mlandu wa Komandante Mlamba

Lolemba

Makaseti afika. Abwera pa komboyo, sitima ya pamtunda ya m'mawa, ku Entre Lagos, atakulungidwa m'chitenje cha kapulana pamodzi ndi sopo, ndipo alamu anga a Joaquim awanyamula pa njinga ngati mazira. Alipo atatu, omaliza a kanema wa zombo zouluka pakati pa nyenyezi amene takhala tikuonera m'baraka mwawo, chisakasa choonetseramo kanema, chikololereni chimanga. Kaseti iliyonse ili ndi zigawo ziwiri. Chigawo chimodzi patsiku, Lolemba mpaka Loweruka. Masamu osavuta.

Ntchito yanga ndi yomwe ija. Ndikaweruka kusukulu, dzuwa litapendeka, a Joaquim amatseka mawindo ndi masaka, ine n'kuima pambali pa kanema kumasulira zimene anthu a kumwambawo akunena. Chingerezi ndinachiphunzira ku Malawi m'zaka zothawa nkhondo. Pa katundu yense amene ndinabwerako naye, ndi chokhacho chimene sichinasweke m'njira.

Ndilembe pamene nkhani yafika. Nkhondo ya maiko awiri a kumwamba yatha, asainirana mtendere. Koma pali komandante wina wa khungu loterera ndi ndevu zinayi zazitali, amene anthu a kuno anamutcha Mlamba atangomuona. Dzina lake lenileni palibe akulikumbuka, ngakhale ine. Pa nkhondoyo anatseka mpweya wa mudzi wina wa pa mwezi, mudzi wa alimi okhala pansi pa denga lagalasi. Kenako anasowa. M'makaseti awa amugwira n'kumuzenga mlandu.

Mphunzitsi sangaone mwayi wotere n'kuusiya. Maganizo anga a sabata ino:

1. Kumasulira mawu onse monga alili.
2. Tsiku lililonse kufotokoza liwu limodzi la ku tiribunali, bwalo la milandu.
3. Loweruka, kanema akatha, kukambirana mwadongosolo. Wofuna kulankhula akweze dzanja.
4. Pasapezeke wotchula za kuno. Nkhaniyi ndi ya pa mwezi.

Lamulo lachinayili ndaliika chifukwa cha benchi la kutsogolo. Kumapeto kwina kumakhala mai Rosalina, ogulitsa zitumbuwa, amene tinali nawo msasa umodzi ku Malawi. Nyumba, nkhokwe ziwiri ndi amuna awo zinatsala kuno, ndipo pobwerera sanapezeko ngakhale chimodzi. Kumapeto kwinaku kumakhala a Bernardo, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango kumsika. Iwo sanathawire ku Malawi. Anali kutchire. Mbali iti, aliyense akudziwa ndipo palibe amanena. Mtendere utabwera abale awo anakawasambitsa kumtsinje, zovala za kutchire n'kuzitentha, nkhani n'kutha, monga mwa mwambo wake. Komabe akhala zaka akuonera zinthu ataima pakhomo. Chaka chino ndi pamene ayamba kukhala pa benchi. Sindikufuna abwererenso pakhomo.

Chigawo choyamba. Apolisi a kumwamba amupeza Mlamba pa kadoko kena, atasintha dzina, atagona chagada pansi pa chombo, mafuta thupi lonse. Wapolisi akuti wakhala zaka zambiri akukonza zombo za anthu, ndipo anthu amamukonda. Ndikutsegula pakamwa. Diso langa likugwera pa manja a a Bernardo, akuda ndi girizi. Ndikungomva pakamwa panga pakuti: "Wakhala akugwira ntchito yophika."

Munthuyo ali ndi sipanala m'manja. Yaikulu ngati mwendo wa mbuzi.

A Saide, ogulitsa nsomba za ku nyanja ya Chiuta, akufunsa kuchokera kumbuyo: "A Purofesora, kumwambako amavundulira phala ndi chimenecho?" Ndawauza kuti miphika yawo ndi yachitsulo cholimba.

Lamulo loyamba silinakwanitse ngakhale ola limodzi.

Lachiwiri

Mlandu wayamba. Oweruza ndi atatu: gogo wa maso atatu, bambo wamtali wosaphethira, ndi chimakina cholankhula chimene chapatsidwa kale dzina loti Wayilesi. A Saide akuti amukonda Wayilesi, poti woweruza wopanda mimba sangalandire nkhuku. Mai Rosalina akuti wopanda mimba sanaikeponso maliro.

Liwu la lero ndi adivogado. Ndinalikonzekera bwino, ndi zitsanzo ziwiri. Ndisanafike pa chitsanzo choyamba a Saide akufuna kudziwa kumene kuli malume ake a Mlamba. Mlandu waukulu chonchi, munthu aime yekha ngati anachita kuphuka m'nthaka? Ndafotokoza modekha kuti adivogado ndi munthu wophunzira amene amalankhulira woimbidwa mlandu.

"Ndiye malume wobwereka."

Ndati tingatero.

"Mwana akapezeka wolakwa, wobwerekayo amathamanga nawo kukafuna mbuzi?"

Ndati ayi.

"Ndiye si malume."

Palibe wakweza dzanja. Palibenso watsutsa.

Baraka lagawanika. Magulu amene ndawaona lero:

Opachika. Mtsogoleri wawo ndi mai Rosalina. Akuti ngati kumwambako kulibe mitengo, ife titumiza.

Osambitsa. A Saide ndi amuna angapo a kunyanja. Akuti munthuyo apite naye kumadzi, amusambitse mankhwala, atenthe yunifolomu, asadzatchulenso.

Atsikana awiri a kuchigayo. Akuti Mlamba ali ndi maso achisoni, ndipo munthu wa maso otero sangatseke mpweya dala. Mmodzi akuti ndevu zake zikumukhala.

A Joaquim. Alibe mbali. Akungopempha kuti wokwiya azimenya ntchafu yake, osati benchi.

Mai Rosalina ayamba kugulitsa zitumbuwa motsata ndale. Opachika akulandira zofewa za pamwamba. Osambitsa akulandira za pansi pa chiwaya, zopserera. Atsikana a kuchigayo auzidwa kuti akadye ndevu.

Tsopano bodza langa. Bodza lili ngati kamwana ka mbuzi kamasiye, ukakatola uzikayamwitsa tsiku ndi tsiku. Lero adivogado waitana anthu a pa doko paja kuti anene ubwino wa Mlamba. Woyamba akuti chombo chake chinali chitafa, Mlamba n'kuchidzutsa usiku umodzi. Ine ndati mimba yake inali itafa, Mlamba n'kuidzutsa ndi msuzi. Wachiwiri wabwera ndi chitsulo cha injini monga umboni, akuchikweza m'mwamba kuti oweruza aone. Ndati ndi chivundikiro cha mphika. Chili ndi mawaya. Ndati ndi mphika wamagetsi.

A Bernardo sanatembenuke ngakhale kamodzi. Akhala chiwongokere, manja pa maondo. Ndikuganiza kuti ndawateteza bwino.

Lachitatu

Liwu la lero linayenera kukhala mboni. Sindinalifotokoze. Ladzifotokoza lokha.

Pa kanema paima mzimayi wa ku mudzi wa pa mwezi uja. Anapulumuka chifukwa m'mawa umenewo anali kunja kwa denga lagalasi, atavala chovala cha mpweya, akukonza mpope wa madzi. Akulankhula pang'onopang'ono, osalira. Akutchula zimene anaona kudzera pagalasi. Akutchula maina a ana, mmodzimmodzi. Ine ndikumva zonse, ndikuyang'ana benchi la kutsogolo, ndipo atamaliza ndikuti: "Akuti zinali zovuta kwambiri."

Mai Rosalina: "A Purofesora, mzimayiyu walankhula mpaka zitumbuwa zanga zazizira, inu mwangoti zinali zovuta?"

A Saide: "Chingerezi changa n'chogulitsira matemba ku Liwonde, koma liwu loti ana ndalimvamo kanayi."

Ndayamba kufotokoza kuti Chingerezi chimazungulira, chimagwiritsa mawu ambiri pa kanthu kochepa. Mai Rosalina auza a Joaquim kuti abweze kaseti m'mbuyo. Aimirira, amanga kapulana, andiuza kuti ndipume kaye, amasulira ndi iwo. Chingerezi chimene amadziwa ndi moni ndi dzina la sopo.

Mzimayi wa pa mwezi wayambanso. Mai Rosalina ayamba naye limodzi.

"Akuti anabwera m'mawa, ife tikuanika mphale. Akuti wina anavala nsapato phazi limodzi. Akuti anayamba ndi nkhokwe. Akuti bambo a ana anatuluka ndi khasu chifukwa amapita kumunda, osati china ayi. Akuti ine ndinagona m'bango, madzi m'chiuno, mwana kumsana, mpaka dzuwa kulowa. Akuti udzudzu umandidya koma sindinaphe ngakhale umodzi, kuopa kuomba m'manja."

Pa mwezi palibe nkhokwe. Palibe bango. Palibe wakweza dzanja kuti akonze.

Chodabwitsa n'chakuti amalizira limodzi. Mzimayi wa pa kanema watseka pakamwa, mai Rosalina nawo atseka, n'kukhala pansi, n'kuvundikira beseni lawo. Ine zaka zonsezi sindinakwanitsepo kumalizira pamodzi ndi wolankhula.

A Bernardo aimirira. Akuti jeradori ya magetsi ikumveka ngati ikutsokomola, akaione. Jeradori simatsokomola ayi. Sanabwererenso.

Ndilembe izi kuti ndikhale wachilungamo. Palibe ananenapo kuti a Bernardo analipo m'mawa umenewo. Mai Rosalina eni ake amati nkhope sanazione, anaona mapazi okha. Palibenso ananenapo kuti kunalibe.

Lamulo lachinayi lafa, ndipo sindine ndalipha. Mai Rosalina achita zosayenera. Ndiwauza mofatsa ndikapeza mpata.

Lachinayi

Jeradori yafadi. A Joaquim amaitcha jeradori, obwera ku Malawi amati jenereta, iyo lero siikuyankha dzina lililonse.

Zimene zayesedwa:

kukoka chingwe mpaka phewa la a Joaquim kulira;
kuipendeketsa;
kuiuzira m'paipi;
kuitukwana m'Chipwitikizi;
kuipepesa m'Chiyao;
kuisiya kanthawi kuti iganize bwino.

Munthu mmodzi yekha m'dera lino ndiye amadziwa m'mimba mwa makina amenewa. A Joaquim apita kukawaitana, abwerako okha. Akuti a Bernardo akudwala malungo. Malungowo awapeza atakhala pansi pa mango, akumanga masipoko a njinga ya munthu.

Anthu sanabalalike. Akhala m'baraka momwemo, masaka ali pa mawindo, kuyang'ana kanema wozima, n'kupitiriza mlandu okha. Ndaona kuti uwu ndi mpata wofotokoza liwu la lero, chigamulo. Ndati chigamulo chimabwera pambuyo pomva mbali zonse. Aliyense wavomereza ndi mutu, n'kupereka chake nthawi yomweyo.

Zigamulo za lero:

apachikidwe (mai Rosalina);
apachikidwe, koma atsikana a kuchigayo apatsidwe ndevu (mai Rosalina, atapemphedwa kuti afewetse mtima);
atsekeredwe m'botolo kuti alawe mpweya wochepa;
akalime minda yonse ya pa mwezi ndi khasu la mpini waufupi;
akwatire, aona yekha (mwamuna wina wa kumbuyo, mkazi wake ali pomwepo);
asambitsidwe.

A Saide ali ndi chiphunzitso chonse. Akuti ayang'anitsitsa kanemayu kuyambira pachiyambi ndipo sanaonepo mtsinje ngakhale umodzi. Zombo zilipo, magetsi alipo, zitseko zotseguka zokha zilipo, mtsinje palibe. Ndiye munthu wochokera kunkhondo akasambe kuti? Akuti n'chifukwa chake nkhondo za kumwamba sizitha, anthu amangolowa m'nyumba ndi fumbi lake.

Mai Rosalina akuti mlandu suola.

A Saide akuti zoona, suola, koma nsomba yosaola timaiwamba n'kuiika padenga, sitigona nayo pamphasa.

Mai Rosalina akuti amene amanena zimenezo ndi amene nsombayo sinawabaye ndi munga.

Kenako maso a aliyense agwera pa malo opanda munthu kumapeto kwa benchi. Wina wati malungo a chaka chino ndi oopsa. Onse avomereza mwachangu. Pa nkhani ya malungo baraka lonse ndi logwirizana.

Ndiye zinthu zili chonchi. Ofuna kuona Mlamba akupachikidwa sangamuone popanda a Bernardo. Ofuna asambitsidwe chimodzimodzi. Ine ndikufuna a Bernardo abwerere pa benchi, kanema kaya aoneke kaya asaoneke. Mawa ndipita kukawapepesa m'malo mwa mai Rosalina. Ndalemba mfundo zisanu pa pepala.

Lachisanu

Ndaweruka, ndapita kumsika ndi njinga yanga ngati chifukwa. A Saide ndi anzawo akuchokera kumzikiti, andiona ndikulowera ku mango, onse ayamba kuyang'ana mitambo.

A Bernardo andipatsa chitini kuti ndikhalepo. Malungo sakuoneka. Ndayamba mfundo yoyamba, yakuti mai Rosalina sanafune kulasa munthu, kuti chisoni chikakhalitsa chimatulukira polakwika. Andisiya ndilankhule mpaka mfundo yachitatu, iwo akupukuta tcheni.

"Mai Rosalina ananena zawo, ndipo n'zoona. Zimenezo ndimadziwa kuti zilipo. Ndimakhala nazo benchi limodzi."

Ndafunsa kuti nanga bwanji.

"Inu a Purofesora. Munthu wagwira sipanala. Mukanati makaniko, anthu akanaona makaniko wa pa mwezi. Mutati wophika, baraka lonse linaona ine."

Pepala langa lili m'manja. Mfundo yachinayi ndi yachisanu zikukamba za mai Rosalina.

"Masiku atatu ndakhala ndikuphikira anthu msuzi pa kanema. Chivundikiro cha mawaya! Zaka zonsezi palibe anandilozapo chala. Inu mwandiloza ndi chifundo."

Ndimadziwa kufotokoza chifukwa chake mwezi umasintha maonekedwe. Ndimadziwa kufotokoza kusiyana kwa boma ndi chipani kwa ana a zaka khumi. Apa ndangoti pepani. Iwo ati zamveka. Kenako ayang'ana njinga yanga, apukusa mutu, n'kumanga buleki ya kumbuyo imene yakhala yomasuka chiyambire mvula ya chaka chatha. Sindinawapemphe.

Ndafunsa za jeradori. Akuti malungo sanathe.

Pobwerera ndadzera kwa mai Rosalina, ndawapeza akusinja nthochi za zitumbuwa za mawa. Ndaulula kuti Mlamba si wophika, ndinachita kusintha. Aseka mpaka kusiya musi.

"Mumayesa tilibe maso? Tonse tinadziwa Lolemba lomwe. Timangokumverani chisoni."

Ndiye kuti sabata yonse baraka lathunthu lakhala likunditeteza ine, pamene ine ndimayesa ndikuteteza munthu mmodzi. Ngakhale atsikana a kuchigayo.

Ndawafunsa ngati angapite kwa a Bernardo. Akuti akapepese chiyani? Ndati sindinanene zopepesa. Akuti iwo sakufuna china chilichonse m'dziko muno koma kuona Mlamba akulendewera, ndipo zinazo ndi za ine ndi sukulu yanga.

Liwu la lero linali chilango. Palibe amene ndamufotokozera.

Loweruka

M'mawa ndili kumsika kugula tomato, ndikuona mai Rosalina akukankha njinga ya mwana wawo, tayala la kutsogolo lili phwa. Alunjika ku mango. Ndasankha tomato pang'onopang'ono kuposa masiku onse a moyo wanga.

"Tayala laphwa."

"Laphwadi. Valavu ili kuti?"

"Kaya. Mwina yagwa m'njira."

Valavuyo ndikuiona ine ndili patali, yamangidwa pa mfundo ya kapulana pamene amasungira machesi. A Bernardo nawo akuiona. Atenga ina m'chitini, aika, ayamba kupopa.

"Jeradori nayo akuti ikudwala. Ine ndikufuna ndione munthu uja akupachikidwa ndisanafe."

"Mwina samupachika, mayi."

"Ndiye kakonzeni tikaone."

Masana a Bernardo abwera ndi kathumba ka zida. Vuto linali pulagi yakuda. Aipala ndi kampeni, aipukuta pa malaya, akoka chingwe kamodzi. A Joaquim atsala pang'ono kulira. Tagwirizana kuonera zigawo zitatu zotsalazo motsatizana, gazolina wa m'jeradori akalola.

A Bernardo aima pakhomo. Ndikuwaona ndi ngodya ya diso, sindikutembenuka, ndaphunzira. Kenako alowa, akhala pamalo pawo.

Ndisanayambe ndalengeza kuti pali chokonza: Komandante Mlamba si wophika, ndi makaniko. Baraka lonse lagwa ndi phwete. A Saide akuti ayi, iwo anazolowera wophika, ndisawasokoneze. Pa kanema akuonetsanso za pa doko paja, Mlamba ali pansi pa chombo. A Bernardo akuti, osakweza mawu: "Sipanalayo akuigwira chozondoka. Ameneyu sanamasulepo nati." Aka n'koyamba kulankhula m'baraka muno za kanema. Mai Rosalina akuti ndiye mlandu wachiwiri umenewo.

Chigawo chachisanu. Mlamba waima kuti adziyankhire. Akuti analamulidwa. Akuti akanakana akanatseka mpweya wake, n'kutuma wina. Akuti anali wamng'ono pamene anamutenga. Wayilesi akumufunsa kuti dzanja limene linagwira chotsekera linali la yani. Mlamba akuti linali lake. Ndamasulira liwu ndi liwu, maso ali pa khoma. Beseni la zitumbuwa silinavundukulidwe chigawo chonsecho.

Chigawo chomaliza. Oweruza alowa. Gogo wa maso atatu watseka awiri. Mlamba waimirira, ndevu zili pansi, atsikana a kuchigayo agwirana manja. Magetsi a Wayilesi ayaka. Akuti, ndipo ine ndikutsatira pambuyo pake: "Bwalo lino, litamva mbali zonse, lapeza kuti..."

Mizere. Phokoso. Kenako ukwati.

Ukwati wa ku Malawi. Holo yodzaza, amayi ovala chitenje chofanana, mkwatibwi wazyolika, mwamuna wa jekete lothina akukuwa pa maikolofoni kuti a kuchimuna abwere kutsogolo ndi perekaniperekani. Mwini kaseti kumeneko anajambulirapo ukwati wa m'bale wake. A Joaquim athamangitsa kaseti kutsogolo: ukwati. Mpaka kumapeto: ukwati, keke, ukwati.

Mitu yonse yatembenukira kwa ine. "A Purofesora, wapeza kuti chiyani?"

Ndinali nazo zigamulo zitatu pa lilime, zonse zabwino. China chokondweretsa kumapeto kuno kwa benchi, china kumapeto uko, china chapakati chokhala ndi phunziro. Akanandikhulupirira, kapena akanachita ngati andikhulupirira, monga amachitira.

Ndati sindikudziwa.

Mai Rosalina andiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ili ndilo liwu loyamba sabata ino limene ndamasulira bwino.

Ndatsegulabe zokambirana, poti zinali pa pulogalamu. Ndakumbutsa za kukweza dzanja. Ndipo dzanja lakwera, loyamba sabata yonse! Mtsikana wa kuchigayo. Akufunsa ngati chovala cha mkwatibwiyo n'chosoketsa kapena chogula.

Taonera ukwatiwo mpaka gazolina kutha. Magulu agawanikanso: ena akuti mkwati ndi wamkulu kwambiri kwa mwanayo, ena akuti ndi jekete chabe.

Lamulungu

Kuwerengera malamulo anga anayi. Loyamba ndinalipha ndekha. Lachiwiri linafa ndi njala. Lachitatu lakwaniritsidwa, dzanja limodzi. Lachinayi ndikuona tsopano kuti linali lopusa chibadwire.

A Joaquim akuti atumiza uthenga kwa mwini makaseti kudzera kwa munthu wa pa komboyo, afunse mmene mlandu unathera. Uthengawo ukafika, mwiniyo adzakhala ataiwala, kapena adzayankha za ukwati. A Saide akuti n'zosafunika, iwo akudziwa kuti anamusambitsa m'thanki. Atsikana a kuchigayo akuti anathawa ndipo ali moyo kwinakwake, akuganiza za zolakwa zake ndi maso aja.

Tikuchokera kutchalitchi anthu apempha kuti ukwati uonetsedwenso, poti ena dzulo sanaone keke bwino. Ukwatiwo ndi wa m'chinenero chathu, sufuna womasulira. Ndiye kwa nthawi yoyamba chiyambire kanemayu ndakhala pansi. Malo okha otsala anali pakati pa benchi la kutsogolo. Sindinkadziwa kuti ndi lolimba chonchi, kapena kuti ndi lalifupi chonchi. Pakati pa mai Rosalina ndi a Bernardo pamakwana munthu mmodzi yekha, ndipo zigongono zimakhudzana.

Mkwatibwi akudula keke, mai Rosalina avundukula beseni, afufuza pansi penipeni, atulutsa chitumbuwa chopserera mbali imodzi. Achidutsitsa pamaso panga osayang'ana kumene chikupita.

"Ine ndikanamupachikabe."

"Ndikudziwa, mayi."

A Bernardo alandira ndi manja awiri. Adya chonse, ndi chopserera chomwe.

Ndinali ndi chofotokoza, chabwino ndithu, chokhudza kusiyana kwa kukhululuka ndi kuiwala. Ndakhala nacho mpaka chazizira. Ine sindinapatsidwe chitumbuwa, chofewa kapena chopserera. Ndikuganiza kuti ndicho chigamulo changa.

Mawa kusukulu tiyamba masamu ogawa okhala ndi chotsala. Ana amadana nawo, amafuna yankho lothera pomwepo, ndipo ena amafufuta chotsalacho ndi malovu poyesa kuti sindiona. Ndiwauza zomwe ndimawauza chaka chilichonse, kuti chotsala sitifufuta, timachilemba pambali pooneka, n'kupita ku samu yotsatira.